Land Cruiser yakale ikamakana kulira mmawa wa Juni, yambani mwamvetsera kaye

Anzanga, nyengo ija yafikanso. Kuno ku Lusaka Juni ndi Julayi mmawa kumazizira mpaka madigiri kutsika pansi pa 10, nde ife a magalimoto akale a dizilo timadzuka mtima uli mmwamba. Ine ndili ndi Land Cruiser ya injini ya 1HZ, ija ya 4.2 ya masilinda 6, yandifikitsa ku Chipata ndi ku Mfuwe kambirimbiri osandikhumudwitsa, koma chaka china inandivuta mmawa uliwonse pakhomo ku Chilenje mpaka ndinagula batire latsopano pomwe lakale linalibe mlandu. Ndalama ija imandiwawabe, nchifukwa chake ndikulemba izi kuti musagule kanthu musanamve mmene galimoto ikuliria mukapotoza kiyi.

Ngati sitata ikuzungulira mwaulesi ngati yatopa, kapena ikungoti tha tha basi, vuto ndi la magetsi. Batire likazizidwa mphamvu imachepa, oilo nayenso amakhala walimba, nde sitata ikugwira ntchito yaikulu ndi mphamvu yochepa. Bwerekani mita yoyezera magetsi muyeze mmawa musanalize, batire lodzadza limaonetsa ma volts 12.6, likafika 12.2 ndiye kuti latsala theka. Kenako wina apotoze kiyi inu maso pa mita, likagwa pansi pa 10 batire latopadi. Koma musanathamangire ku town onani ma terminal, pamitu pa batire pomangira mawaya, ufa woyera kapena wobiriwira uja tsukani ndi madzi otentha ndi soda, palani ndi sandipepa, mangani zolimba. Waya wa earth wochoka ku batire kupita ku bodi ndi ku injini musauiwale, msewu wa fumbi ndi matope a dzinja amaudya mkati pang'onopang'ono kunja ukuoneka bwinobwino. Injini ikalira yezaninso, alternator yabwino imapereka pakati pa 13.8 ndi 14.4. Ena mwa ma Cruiser ochokera ku Japan ndi a 24 volts, mabatire awiri, amenewo yezani lililonse palokha ndipo posintha sinthani onse awiri.

Manje nkhani yeniyeni ili apa. Sitata ikuzungulira bwino ndi mphamvu zonse, ku ekizozi kukutuluka utsi woyera wonunkha dizilo, koma injini siikugwira, kapena yagwira koma ikunjenjemera ngati ili ndi malungo kwa mphindi imodzi kenako nkukhazikika. Amenewo ndi ma heater plug, ena amati ma glow plug, tizitsulo totenthetsa mkati mwa injini isanalire. Dizilo alibe spark ngati petulo, amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa mu silinda, ndipo injini ngati 1HZ kapena 3L ndi 5L za ma Hilux zimathira mafuta mu kachipinda kakang'ono ka mu head, mutu wa injini, chitsulo chozizira chija chimamwa kutentha konse. Mu Okutobala plug ziwiri zitha kufa inu osadziwa kanthu chifukwa kunja kukutentha, Juni ndiye amaulula. Yanga zinali zitafa zitatu.

Kuyeza kwake sikovuta ayi. Masulani kachitsulo kathyathyathya kamene kamalumikiza ma plug onse pamwamba, tengani tesita ya babu, kopanira ku plus ya batire, nsonga mugunde pamutu pa plug iliyonse payokha. Babu likayaka ndiye kuti waya wa mkati sunaduke, likapanda kuyaka yafa imeneyo. Pa mita plug yamoyo imaonetsa pafupifupi 1 ohm kapena kucheperako. Musayeze kachitsulo kaja kali pomwepo, plug imodzi yamoyo idzakunamizani kuti zonse zili bwino. Zikakhala zonse zamoyo onani ngati magetsi akufikako nkomwe, wina atsegule kiyi inu tesita ili pa kachitsulo kaja, pakapanda moto fufuzani relay ndi fyuzi yake. Pogula nyamulani yakale mmanja chifukwa ma volts olembedwa pa plug amasiyana ngakhale injini ili yomweyo, ndipo ine ndimati sinthani zonse 6 kamodzi. Pomasula pitani mwaulemu, thirani mafuta ofewetsa dzimbiri usiku wake, plug ikathyokera mu head ntchito yake ndi yolira nayo.

Komanso ambiri timapupuluma. Tsegulani kiyi, dikirani kanyali ka pa dashibodi kooneka ngati koyilo kaja kazime, kukazizira kwambiri tsekani mutsegulenso kachiwiri, kenako lizani. Sitata musaigwire kupitirira masekondi 10 kapena 15, ipumitseni kaye, ikapsa ndi ndalama zinanso. A Land Rover Defender ya 300Tdi inu muli ndi mwayi pang'ono, injini yanu imathira mafuta mwachindunji mu silinda nde kuzizira kwa ku Lusaka kuno nthawi zambiri imalira ngakhale ma plug atatopa, ikavuta yambani kukaikira batire ndi mafuta.

Nanga sitata ikamazungulira bwino koma utsi kulibe olo pang'ono? Mafuta sakufika. Anthu amakonda kunena kuti dizilo waundana, koma kuzizira kwathu kuno sikufika pamenepo kawirikawiri, chimene chimachitika nchoti mapaipi a labala akakalamba amauma nkumalowetsa mpweya usiku, mafuta nkubwerera ku thanki. Pamwamba pa filita pali kapampu ka mmanja, kapopeni musanalize, kakakhala kofewa nkuyamba kulimba mutapopa kangapo ndiye galimoto nkulira msanga, mwalipeza vuto. Njira ina goneketsani galimoto mphuno itayang'ana kumunsi, ikalira bwino mawa lake ndi mpweya womwewo. Sinthani mapaipi ndi makilampu, kapampu nakonso kamatha. Filita ngati simukukumbuka tsiku lomwe munasintha sinthani, mukhetsenso madzi a pansi pake, makamaka ife ogula dizilo wa mzigubu tikakhala kumudzi. Mvetseraninso solenoid, kavalavu ka magetsi kotsegulira mafuta pa pampu yaikulu ya dizilo, imayenera kugunda mukatsegula kiyi.

Chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse, spray yolizira ija musamathire mu injini ya ma heater plug. Imayaka nthawi isanakwane ikakhudza plug yotentha, imatha kuthyola ma ring kapena kuwononga pisitoni. Oilo thirani 15W-40, osati wolimba kwambiri poganiza kuti injini yakalamba. Mukachita zonsezi koma ikuvutabe, ikudya oilo, mukatsegula chotsekera oilo injini ikulira pakutuluka mpweya wambiri, pitani kwa makaniko wa dizilo amene ali ndi geji ayeze compression, mphamvu yopanikiza mpweya mu silinda, ndi ma nozzle opopera mafuta, ndipo akuonetseni manambala a silinda iliyonse asanayambe kumasula head.