Momwe mungayesere risiva ya asilikali yomvera mafunde ambiri nthawi imodzi

Risiva imene asilikali amamvetserera mafunde a adani imagwira ntchito yovuta chifukwa sidziwa kuti mdani ayatsa liti makina ake, pa frequency iti, kapena kwa nthawi yaitali bwanji. Imangoyenera kukhala tcheru pa radar za ndege, za sitima zapamadzi, za zida zowongolera mizinga ndiponso pa mawailesi olankhulirana. Opanga makinawa amalemba manambala osiririka, ndipo nthawi zambiri sanama. Chovuta n'chakuti nambala iliyonse amaiyeza payokha, pamalo opanda chosokoneza, pomwe kunkhondo zonse zimabwera pamodzi. Njira zili m'munsizi n'zothandiza amisiri ndi ophunzira zamagetsi amene akufuna kudziwa zoona zake za risiva yotere.

Mufunika ma signal generator awiri, makina opanga ma pulse (mafunde otuluka kwa kanthawi kochepa kwambiri n'kusiya), noise source (chopangira phokoso la mlingo wodziwika), ma attenuator (zochepetsa mphamvu ya siginolo), combiner (chophatikiza masiginolo m'chingwe chimodzi) ndi zingwe zabwino zimene mukudziwa mphamvu imene zimataya. Zonse zidutse m'chingwe. Kuulutsa mafunde oyesera m'mlengalenga popanda chilolezo n'kuphwanya malamulo, komanso kumaononga kayezedwe kanu.

Gawo loyamba: lembani zimene mukufuna kumva

Musanalumikize chingwe chilichonse, khalani pansi mulembe mafunde amene risivayo iyenera kugwira. Mu 1942 sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi zinaikidwa risiva yotchedwa Metox, imene inkamva bwino radar ya ndege za Britain ya mafunde otalika mamita 1.5. Mu 1943 Britain inayamba kugwiritsa ntchito radar ya ASV Mark III ya mafunde a masentimita 10, ndipo Metox sinkamva kanthu. Makinawo sanawonongeke, ankagwira ntchito monga mwa masiku onse, koma ndege zinkafika usiku osachenjezedwa. Risiva ina ya Naxos inabwera chakumapeto kwa chakacho, sitima zambiri zitamizidwa kale.

Masiku ano radar zambiri zankhondo zili pakati pa 2 ndi 18 GHz, ndipo risiva zambiri zimafika mpaka 40 GHz. Apa samalani ndi manambala awiri amene anthu amawasokoneza. Yoyamba ndi malire a kumene risiva ingathe kufika mukamaitchera. Yachiwiri, instantaneous bandwidth, ndi kukula kwa gawo limene ikumva pa kamphindi kamodzi. Risiva yolembedwa kuti 2 mpaka 18 GHz ikhoza kumamva 500 MHz yokha nthawi imodzi, kwinako ili gonthi mpaka itatembenukirako.

Gawo lachiwiri: werengetsani phokoso musanayeze

Chipangizo chilichonse chamagetsi chili ndi phokoso lobwera ndi kutentha. Pa kutentha kwa 290 K (pafupifupi 17 °C) phokosoli ndi -174 dBm (dBm ndi muyeso wa mphamvu poyerekeza ndi milliwatt imodzi) pa hertz iliyonse, ndipo palibe wopanga amene angalizembe. Bandwidth ikakula, phokoso limakula nayo: pa 1 MHz muwonjezere 60 dB, pa 1 GHz muwonjezere 90 dB. Kenako muwonjezere noise figure ya risivayo, ndiye kuti phokoso limene risivayo imawonjezera yokha.

Tiyerekeze kuti noise figure ndi 10 dB. Risiva yomva 1 GHz yonse ngati chinthu chimodzi ili ndi phokoso la -74 dBm. Kuti igwire siginolo popanda kumangolira chabe, siginoloyo ipose phokoso ndi pafupifupi 13 dB, ndiye kuti imayamba kumva pa -61 dBm. Risiva yomweyo ikagawa 1 GHz m'timagawo ta 1 MHz, monga zimachitira za digito pogwiritsa ntchito masamu ogawa mafunde otchedwa FFT, phokoso la kagawo kalikonse limatsikira pa -104 dBm, ndipo imamva mpaka -91 dBm. Kusiyana kwa 30 dB kumeneku n'kuchulukitsa ka 1,000. Choncho wina akakuuzani sensitivity osatchula bandwidth imene anayezera, sanakuuzeni kanthu.

Noise figure muyeze ndi noise source, pa ma frequency angapo kuyambira kumunsi mpaka kumtunda, osati pakati pokha. Chingwe chochokera ku mlongoti chikhale m'gulu la zoyezedwa. Harald Friis wa ku Bell Labs anasonyeza mu 1944 kuti gawo loyambirira ndi limene limalamulira phokoso la makina onse, motero chingwe chotaya 3 dB chisanafike pa amplifier yoyamba chawonjezera 3 dB yathunthu pa noise figure.

Gawo lachitatu: yesani ndi ma pulse

Siginolo yosadukiza ndi yosavuta kugwira, ndipo opanga amaikonda. Radar zambiri zimatumiza ma pulse. Pulse ya microsecond imodzi imafuna bandwidth ya pafupifupi 1 MHz, ya ma nanosecond 100 imafuna 10 MHz. Timagawo topapatiza timene tinathandiza pa gawo lachiwiri tikhoza kuphwanya pulse yaifupi, risiva n'kulemba kutalika kolakwika. Tumizani ma pulse osachepera 1,000 pa mphamvu iliyonse, mukutsitsa ndi 1 dB, n'kumawerenga angati agwidwa. Mukatero zimitsani jenereta, muwerenge kangati risiva ikunena kuti yamva chinthu pamene palibe.

Gawo lachinayi: siginolo yofooka pambali pa yamphamvu

Apa m'pamene risiva zambiri zimagwera, ndipo ndikadakhala ndi tsiku limodzi lokha loyesera, theka lake likadathera pano. Siginolo yoopsa kawirikawiri ndi yofooka, yochokera kutali, pomwe pafupi pali radar ya pabwalo la ndege kapena ya sitima ya anzanu imene ikubangula. Zili ngati kufuna kumva munthu wonong'ona wina akukuimbirani ng'oma m'khutu.

Lumikizani ma generator awiri kudzera mu combiner, wina pa 3,000 MHz wina pa 3,010 MHz, mphamvu zofanana. Kwezani onse pang'onopang'ono mukuyang'ana pa 2,990 ndi 3,020 MHz. Pakapita nthawi muona pa sikirini timizere tiwiri tikutuluka m'phokoso pamalo amenewo. Palibe amene watumiza timizereto. Risiva yatipanga yokha chifukwa ma amplifier ndi ma mixer ake ayamba kupotoza mafunde. Mukakweza ma generator ndi 1 dB, ito timakwera ndi 3 dB, ndiye sitichedwa kukula. Kompyuta ya kumbuyo sitha kusiyanitsa mzere wabodza ndi radar yeniyeni, imangolemba kuti kwabwera mdani watsopano.

Kuchokera pa muyeso umenewu mumapeza IP3, mphamvu yongoyerekezera imene timizere tabodzato tikanafanana ndi masiginolo enieni. Chotsani mlingo wa phokoso pa IP3, mutenge magawo awiri mwa atatu a zotsalazo, ndipo mwapeza spurious-free dynamic range, kusiyana kwa phokoso ndi siginolo yamphamvu kwambiri imene risiva ingalandire mizere yabodza isanaoneke. IP3 ya polowera ikakhala -5 dBm, phokoso -104 dBm, yankho ndi 66 dB. Phokoso likakhala -74 dBm, yankho ndi 46 dB basi.

Musanaimbe mlandu risiva, tsimikizani kuti mizereyo sikuchokera ku ma generator anu, chifukwa iwonso amasokonezana akapanda kutchingidwa bwino. Ikani attenuator ya 3 dB pakati pa combiner ndi risiva. Mizere yabodza ikatsika ndi 9 dB, yabadwira mu risiva. Ikatsika ndi 3 dB yokha, vuto lili pa tebulo lanu.

Pali china chimene risiva zopapatiza sizivutika nacho kwenikweni. Mu risiva ya 2 mpaka 18 GHz, siginolo yamphamvu ya 3 GHz imabala ina pa 6 GHz ndi pa 9 GHz, zonse m'kati mwa gawo limene ikumvetsera. Yendetsani jenereta imodzi yamphamvu kuchokera kumunsi mpaka kumtunda, mulembe mzere uliwonse wachilendo. Ngati risivayo ndi ya digito, kumbukirani kuti ADC, kachipangizo kosandutsa mafunde kukhala manambala, imapereka pafupifupi 6 dB pa bit iliyonse, moti pa ya ma bit 12 kusiyana kwa siginolo ndi phokoso pa bandwidth yake yonse sikungapose 74 dB ngakhale itakhala yangwiro. Funsani ENOB yake, ndiye kuti ma bit amene akugwiradi ntchito, pa frequency yapamwamba, osati ma bit olembedwa pa bokosi.

Gawo lachisanu: kodi ikhala ikuyang'ana pamene mdani walankhula?

Radar ili ndi vuto limene womvetsera alibe. Mafunde ake amapita n'kubwerera, ndiye mtunda ukawirikiza kawiri mphamvu yobwerera imachepa ka 16, pomwe kwa womvetsera imachepa kanayi kokha. N'chifukwa chake risiva yabwino imamva radar isanaonedwe. Koma mwayi umenewu umatha ngati risiva inali kumvetsera kwina.

Tengani risiva yomva 500 MHz nthawi imodzi. Kuti imalize 2 mpaka 18 GHz iyenera kuima malo 32, ndipo ikamakhala millisecond imodzi pa malo aliwonse, ulendo wonse ndi ma millisecond 32. Radar yozungulira kamodzi pa masekondi 4, ya kuwala kopapatiza madigiri 2, imakulozani kwa ma millisecond 22 okha. Zikhoza kuphonyana. Choipa kwambiri n'chakuti kuzungulira kwa radar kukagwirizana ndi kayendedwe ka risiva, zimaphonyana mobwerezabwereza. Yesani zimenezi: tumizani timagulu ta ma pulse ta ma millisecond 22 pa masekondi 4 aliwonse, musinthe nthawi yoyambira, mulembe kuti risiva imatenga nthawi yaitali bwanji kuti igwire koyamba. Lembani nthawi yoipitsitsa, osati avareji yokha.

Mawailesi odumphadumpha amavuta kuposa apa. Link 16, njira yotumizirana mauthenga ya asilikali a mayiko a NATO, imadumpha pa ma frequency 51 pakati pa 960 ndi 1,215 MHz, pafupifupi ka 77,000 pa sekondi. Risiva yoyendayenda imangotolako zidutswa. Radar za FMCW, zimene zimatumiza mosadukiza zikusinthasintha frequency, nazo zimamwaza mphamvu yochepa pa nthawi yaitali, ndiye muyike siginolo yotere pa mndandanda wanu.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: ithithikizeni

Pa pulse iliyonse risiva imalemba frequency, nthawi yofikira, kutalika, mphamvu, ndipo ngati ili ndi milongoti ingapo, mbali imene yachokera. Sakanizani radar zoyerekezera zingapo, muchulukitse ma pulse mpaka ena ayambe kusowa kapena radar imodzi ilembedwe ngati ziwiri. Kenako gundanitsani ma pulse awiri nthawi imodzi. Risiva za mtundu wa IFM, zoyeza frequency ya pulse nthawi yomweyo, n'zachangu, koma zikatere zimanena yamphamvu yokha, ndipo mphamvu zikayandikana zimatha kunena frequency imene palibe wotumiza.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: ichotseni pa tebulo

Bwerezani gawo lachiwiri ndi lachinayi risiva itazizira kwambiri komanso itatentha kwambiri. Asilikali a United States amatsata MIL-STD-810 pa za kutentha ndi kugwedezeka, ndi MIL-STD-461 pa za kusokonezana kwa magetsi, ndipo opanga ambiri amatchula zimenezi. Pomaliza imangeni pa galimoto, sitima kapena ndege imene idzakhalepo, muyatse radar ndi mawailesi onse a pamenepo limodzilimodzi, mukuona kuti phokoso lakwera ndi ma dB angati pa chilichonse. Ngati njira yothetsera ndi kutseka makutu a risiva nthawi iliyonse radar yanu ikatumiza pulse, werengetsani nthawi yotayikayo, muibwezere m'masamu a gawo lachisanu.