Musathawe lendi n'kukamanga m'dambo

Dzinja lino ndayenda m'munsi mwa Chibavi, Chiputula ndi ku Masasa mu Mzuzu muno, ndipo zimene ndaona zandiwawa mtima. Makoma ang'aluka, zimbudzi zasefukira, mabanja akugona pamatope. Ambiri mwa eni nyumbazi anatuluka pa lendi mothamanga, ati atopa kulemeretsa landilodi.

Kutopa ndi lendi n'komveka, mwezi sukhalira kutha ndipo landilodi amakweza mtengo mmene wafunira. Koma poloti yotchipa mu Mzuzu muno imatchipa pa chifukwa. Kapena ili m'dambo, kapena ili pamtsetse woti dothi lingagumuke. Mvula ya kuno sileka msanga, imafika Epulo ngakhale Meyi, nthaka osauma. Zidina zomangira dothi zimamwa madzi kuchokera pansi, khoma n'kufewa ngati phala. Mu Epulo 2016 nyumba zambiri zinagwa mumzinda uno, anthu ena anamwalira. Tinalira tonse, koma lero anthu akumanganso malo omwewo. Kodi tidzamva liti?

Wa pa lendi denga likadontha amauza mwini nyumba, zikavuta amasamuka. Wa m'dambo alibe kothawira. Kukonza ndi kwake chaka ndi chaka, wogula sapezeka, banki siilandira nyumba yopanda lizi ngati chikole, ndipo khonsolo ikhoza kudzagwetsa.

Bambo wina, mlimi wa fodya wa ku Rumphi, atagulitsa mabelo ake ku okushoni kuno anapereka ndalama zonse kwa munthu wodzitcha mfumu. Umboni wake unali pepala long'amba m'kope. Malowo anawaona mu Okutobala, kuli gwa. Nditamufunsa ngati anapita ku khonsolo, anandiyankha kuti kwawo malo amagawa ndi mfumu basi. Mumzinda sizitero, bambo. Khoma lakumbuyo linagwa mu Malichi, pano wabwerera pa lendi ku Luwinga ndi ngongole ya katapila pamutu.

Musanatulutse khobidi, funsani ku Khonsolo ya Mzinda wa Mzuzu kapena ku ofesi ya za malo ngati pamalopo amalola kumanga. Poloti kaioneni mvula ili mkati. Maziko akhale a miyala ndi simenti, pulasitiki pamwamba pake, ngalande mozungulira. Ndalama zikapanda kukwana zimenezi, pitirizani kaye lendi mukusunga.