Mmene Mungawerengere Zithunzi Zozokota za Robert Nanteuil ndi Zovala za M'nthawi Yake

Aphunzitsi a mbiri yakale, atelala amene amasoka zovala za masewero ndiponso achinyamata okonda kujambula kuno ku Chipata angaphunzire zambiri pa ntchito ya Robert Nanteuil, mmisiri wa ku France amene anabadwira ku Reims cha m'ma 1623 n'kumwalirira ku Paris mu 1678. Iye anazokota pa mkuwa nkhope zoposa 200 za anthu otchuka, kuphatikizapo Mfumu Louis XIV, Kadinala Mazarin ndi nduna Colbert. Zithunzizi zikupezeka kwaulere pa Gallica, tsamba la pa intaneti la Bibliothèque nationale de France (laibulale yaikulu ya dziko la France), ndipo ndi bwino kusankha chachikulu kwambiri n'kuchitsegula pa kompyuta, chifukwa pa foni mizere yaing'ono imasowa.

Musayambire kunkhope, ngakhale kuti maso amathamangira komweko. Yambani ndi timalemba ta Chilatini timene tili m'munsi mwa chithunzi, chifukwa ndi timene timanena amene anagwira ntchito iliyonse. Dzina lotsatiridwa ndi "pinxit" ndi la amene anapenta chithunzi choyambirira, "delineavit" ndi amene anajambula, "sculpsit" kapena "sculpebat" ndi amene anazokota mkuwa, pamene "excudit" ndi wosindikiza kapena wogulitsa. Koma mawu amene ine ndimawafunafuna kuposa onse ndi akuti "ad vivum", otanthauza kuti mmisiriyo anajambula munthuyo ali pamaso pake. Nanteuil ankawalemba kawirikawiri, ndipo n'chifukwa chake kolala kapena tsitsi limene mukuliona pa chithunzi chake mungalikhulupirire. Pali zithunzi zambiri zokongola za m'zaka za m'ma 1800 zosonyeza mafumu ndi akazi otchuka amene anamwalira zaka mazana angapo m'mbuyomo, ndipo pa zimenezo wojambula ankatengera ziboliboli zapamanda ndi zojambula zakale, kwinako n'kuwonjezera za m'mutu mwake. Telala amene wasoka chovala motsanzira chithunzi chotero wasoka maganizo a munthu wa m'ma 1800.

Mukatero, kulitsani chithunzicho mpaka mizere ioneke umodziumodzi. Wozokota ankagwira kachitsulo kosongoka kotchedwa burin, n'kumakakankha ndi chikhatho pa mkuwa wosalala kuti kagobe timingalande. Kenaka ankapaka inki, kupukuta pamwamba kuti inkiyo itsale m'timingalande mokha, n'kupanikizapo pepala lonyowa pang'ono. Motero mzere wa burin umayamba wowonda, kunenepa pakati, n'kutha wosongoka. Yang'anani patsaya la munthu wojambulidwayo: Nanteuil ankasemapo timizere tatifupitifupi ndi timadontho kuti khungu lioneke lofewa, koma akafika pa mkanjo wakuda ankapingasa mizere yaitali yoyandikana kwambiri, ndipo pa chovala chachitsulo ankasiya mpata woyera kuti kuwala kunyezimire. Mukazolowera zimenezi mudzatha kusiyanitsa silika, ubweya ndi chitsulo popanda utoto uliwonse.

Zovala ndiye pofunika kudekha. Ife amene tinaonererapo Nc'wala ku Mtenguleni timadziwa kuti chimene munthu wavala kumutu ndi chikopa chimene wakoleka zimanena za malo ake asanayankhule, ndipo ku France wa Louis XIV, amene analamulira kuyambira 1643 mpaka 1715, zinali chimodzimodzi. Kolala yolimba yopindapinda yozungulira khosi lonse ndi ya mbadwo wam'mbuyo, ndipo inali itatha kale pamene Nanteuil ankayamba ntchito. Pa zithunzi zake mudzaona kolala yogona pachifuwa, yoyera yopanda zokongoletsa kwa ansembe ndi oweruza, ya lesi kwa anthu a kubwalo la mfumu, yomangidwa ndi tizingwe tokhala ndi mphonje. Kachipewa kakang'ono kapaliwombo ndi kamkanjo kamabatani kolekeza m'zigongono zimasonyeza bishopu kapena kadinala. Chovala chachitsulo chokulungidwa ndi nsalu yopingasa pachifuwa ndi cha mkulu wa asilikali kapena wa banja lachifumu. Mukaona mtanda wokhala ndi nkhunda pakati, dziwani kuti munthuyo anali m'gulu laulemu la Saint-Esprit, limene Mfumu Henri III ya ku France inakhazikitsa mu 1578. Tsitsi nalo limathandiza kuyerekeza chaka, popeza mawigi aatali opotanapotana anafala kwambiri kuyambira m'ma 1660.

Nanteuil nthawi zambiri ankalekezera pachifuwa, mkati mwa mkombero wokhala ndi dzina ndi udindo wa munthuyo, choncho wofuna kuona buluku, nsapato ndi madiresi a amayi afufuzenso ntchito za Abraham Bosse wa ku Tours ndi Jacques Callot wa ku Nancy, ngakhale kuti Callot anamwalira mu 1635, Nanteuil asanayambe ntchito.

Ngati mwapeza chithunzi chapapepala m'buku lakale, chionereni pa galasi lokulitsa zinthu. Timadontho tandondoloko ngati ta m'nyuzipepala tikusonyeza kuti ndi chokopera cha makina amakono. Chosindikizidwa kuchokera pa mkuwa chimakhala ndi kamzere kolowa m'kati kuzungulira chithunzi, pamene m'mphepete mwa mkuwawo munadinda, ndipo mukachiunika ndi tochi chapambali inki imaoneka yotukuka pang'ono. Sambani m'manja n'kuumitsa musanachigwire, musachimate ndi selotepi kapena guluu, ndipo musadule m'mphepete mwake ngakhale mutang'ambika. Chigonekeni pakati pa mapepala oyera m'bokosi, kutali ndi khoma lakunja ndiponso pamwamba pamene chiswe sichingafike. Dzuwa la mu Okutobala limafiiritsa pepala, pomwe chinyezi cha m'dzinja chimabweretsa nkhungu ndi mawanga ofiirira, motero kuyambira Novembala mpaka Epulo muzitsegula bokosilo kamodzi pa mwezi tsiku limene kunja kwauma.