Momwe mungawerengere mpweya wa kaboni wa simenti yomwe mukumangira

Tikamva za mpweya wosokoneza nyengo, ambiri timaganiza za utsi wa magalimoto, makala ndi nkhuni. Koma pali mpweya wa kaboni (carbon dioxide) wina yemwe amatuluka m'mwala weniweniwo. Mwala wa laimu ukawotchedwa umagawika pawiri: pa makilogalamu 100 a mwala wosasakanizika ndi china, 56 amasanduka laimu ndipo 44 amauluka ngati mpweya. Ngakhale ng'anjo itamayendera magetsi a ku Nkula, makilogalamu 44 amenewa atulukabe.

M'malipoti omwe mayiko amapereka ku United Nations, mpweya wotere uli ndi gawo lakelake, la zopangidwa m'mafakitale ndi kagwiritsidwe ntchito ka katundu. Kuno kwathu zikuluzikulu m'gawoli ndi simenti ndi laimu. Aliyense womanga nyumba angathe kuwerengera gawo lake ndi foni yokha.

Poyamba, tembenuzani thumba muwerenge

Chomwe mukufunafuna ndi kuchuluka kwa clinker. Clinker ndi timibulu tolimba tomwe timatuluka mwala wa laimu ndi dongo zikawotchedwa pa madigiri pafupifupi 1,450. Timeneti ndi tomwe amagaya kukhala simenti, ndipo mpweya wonse tikunenawu umatuluka powotcha timibuluti.

Pathumba pamalembedwa mtundu wa simentiyo. CEM I imakhala ndi clinker wosachepera 95 peresenti. CEM II/A imakhala ndi pakati pa 80 ndi 94, pomwe CEM II/B imakhala ndi pakati pa 65 ndi 79. Chotsalacho chimakhala mwala wa laimu wongogayidwa osawotcha, phulusa la malasha kapena zina zotero. Anthu ambiri pasitolo amangofunsa mtengo ndi dzina la kampani, zilembozi osaziyang'ana n'komwe, koma nkhani yonse yagona pamenepa.

Chachiwiri, chulukitsani

Malangizo a chaka cha 2006 a IPCC, bungwe la United Nations la akatswiri a za kusintha kwa nyengo, amati kilogalamu imodzi ya clinker imatulutsa makilogalamu 0.52 a carbon dioxide. Tengani thumba la makilogalamu 50 la CEM I. Clinker wake ndi makilogalamu 47.5, ndipo mukachulukitsa ndi 0.52 mupeza 24.7. Ndiye kuti thumba lililonse lidasiya m'mlengalenga mpweya wolemera pafupifupi theka la thumbalo. La CEM II/B, titati clinker wake ndi 70 peresenti, likhala ndi makilogalamu 35, mpweya wake 18.2.

Tsopano werengani matumba onse a pantchitoyo. Tiyerekeze kuti nyumba yadya matumba 200. Ya CEM I ipereka makilogalamu 4,940, pafupifupi matani 5. Ya CEM II/B ipereka 3,640. Kusiyana kwake ndi makilogalamu 1,300 pa nyumba imodzi yokha. Musaiwale mabuloko ogula: funsani owumbawo kuti thumba limodzi amatulutsamo mabuloko angati, mubwerere nazo ku masamu omwewa.

Ngati mwagwiritsanso ntchito laimu wowotcha, chulukitsani kulemera kwake ndi 0.75.

Chachitatu, musasakanize ndi utsi wa malasha

Apa ndi pomwe ophunzira ndi atolankhani ambiri amaphonya. Nambala mwapezayo ndi ya mwala wokha. Malasha otenthetsera ng'anjo, dizilo wa lole yonyamula simenti ndi magetsi ogayira zimawerengedwa ku gawo lina la malipoti aja, la mphamvu. Choncho mpweya wonse wa thumbalo ndi wochuluka kuposa zomwe mwapeza. Zonse zikaphatikizidwa, simenti imapereka pafupifupi 7 mpaka 8 peresenti ya carbon dioxide yemwe anthu amatulutsa padziko lonse.

Chachinayi, funsani komwe clinker adawotchedwa

Mpweyawu umalembedwa pa dziko lomwe muli ng'anjo. Shayona ku Kasungu ndi Cement Products ku Njereza m'boma la Mangochi amawotcha okha clinker, ndiye mpweya wawo umalowa m'kaundula wa Malawi. Simenti yowotchedwa ku Zambia imalembedwa ku Zambia, ngakhale yamangira nyumba ku Area 49. Ichi n'chifukwa chake nambala ya dziko imatha kukwera fakitale yatsopano ikatsegulidwa, ngakhale anthu akugula matumba ochuluka mofanana ndi kale. Ine ndimaona kuti womanga aziwerengera thumba lililonse lomwe wagula, posatengera malire, poti mlengalenga ndi umodzi.

Potsiriza, onani pomwe mungachepetse

Nkhaniyi yakula chifukwa kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga adaletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda. Lamuloli ndimagwirizana nalo, pakuti mauvuni a njerwa atha mitengo yambiri, koma likutanthauzanso kuti tikudya simenti yochuluka. Njerwa zadothi zotsindira ndi makina, zomwe amangothiramo simenti pang'ono, ndi zoyenera kuziganizira musanathamangire mabuloko.

Pomanga khoma ndi kupaka pulasitala, simenti ya 32.5 (nambala ya pathumba yosonyeza kulimba kwake) ya clinker wochepa imakwanira. Pa zipilala, silabu ya nyumba yosanja ndi malo ena onyamula katundu wolemera, tsatirani zomwe injiniya wanena, musachepetse mwa nokha. Khoma likang'aluka n'kugwetsedwa, simenti mumagula kawiri.

China ndi kasungidwe. Simenti ikagwirana m'thumba chifukwa cha chinyezi ndiye kuti mwala udawotchedwa pachabe. Sanjani matumba pamatabwa, atalikirane ndi khoma, muwafunditse pulasitiki, ndipo muyambe kugwiritsa ntchito omwe adafika koyamba. Auzeni amisiri kuti aziyeza mchenga ndi simenti ndi ndowa imodzimodzi m'malo mongoyerekeza ndi fosholo, komanso azikanya zokwanira kutha matope asanayambe kugwira.