Mmene mungaphunzitsire oyimbira mpira ndi makochi pa sukulu ya sekondale

Pa sukulu zambiri za sekondale, makamaka ma CDSS, woyimbira mpira amasankhidwa m'mawa wa tsiku la masewero. Wezulo amapatsira mphunzitsi amene ankasewerako ali ku koleji, ndipo ambendera amawatola pakati pa ochemerera, aliyense kanthambi ka mtengo kumanja. Mpira ukathera mumkangano anthu amati lefa wakondera. Koma mukafufuza bwino, kawirikawiri mupeza kuti munthuyo amatsata malamulo akale omwe anasinthidwa, kapena anaima kutali ndi pomwe panachitikira nkhani. Zonse ziwirizi zimakonzeka ndi maphunziro a masabata 6, kawiri pa sabata, ola limodzi ndi theka, ndipo nthawi yambiri muzikhala pabwalo osati m'kalasi.

Sankhani aphunzitsi awiri kapena atatu ndi ophunzira 8 mpaka 10, anyamata ndi atsikana omwe. A Fomu 4 asiyeni, MSCE iwatenga musanapindule nawo, ndipo a Fomu 2 maso ali pa JCE. A Fomu 3 ndiwo oyenera wezulo chifukwa anzawo amawamvera. A Fomu 1 ayambe ndi mbendera, poti mukhala nawo zaka zitatu zina. Katswiri wa timu ya sukulu musamutenge, mtima wake uli pa kusewera. Funani mwana wotha kukaniza mnzake chinthu osachita manyazi. Ophunzirawa aziyimbira mpira wa pakati pa makalasi kapena mahositelo; mpira wa sukulu ndi sukulu, pakati paime mphunzitsi wochokera ku sukulu yachitatu.

Malamulo a mpira alipo 17, amawalemba ndi bungwe la IFAB, ndipo buku lake limapezeka mwaulere pa intaneti. Zosintha zimayamba kugwira ntchito pa 1 July chaka chilichonse, choncho buku la zaka zisanu zapitazo lomwe lili mu laibulale lingakusocheretseni. Woyimbira akhale ndi mawezulo awiri, wotchi, ndalama yachitsulo, makadi, kabuku ndi pensulo. Bolopeni imakana kulemba pepala likanyowa ndi thukuta.

Sabata yoyamba: kulemba bwalo

Yambani ndi tepi, chingwe, zikhomo ndi laimu kapena phulusa. Munthu amene anayezapo bwalo ndi manja ake saiwala miyeso. Mulitali bwalo likhale mamita 90 mpaka 120, mulifupi 45 mpaka 90, ndipo mzere wam'mbali uzikhala wotalika kuposa wa kugolo. Golo ndi mamita 7.32 kuchokera mkati mwa mtengo wina kufika mkati mwa unzake, ndi mamita 2.44 kuchokera pansi kufika kunsi kwa mtanda. Bokosi lalikulu limayezedwa mamita 16.5 kuchokera mkati mwa mtengo uliwonse wa golo, n'kulowanso mamita 16.5 m'bwalo, laling'ono ndi mamita 5.5. Malo a penate ali pa mamita 11, bwalo lozungulira lapakati mamita 9.15 kuchokera pakatikati, ndipo kauta ka pakona ndi mita imodzi. Mizere isapose masentimita 12 kukula kwake.

Cholakwika chofala n'kuyeza bokosi kuchokera pakati pa golo, ndiye limachepa. Bokosi lolondola m'lifupi mwake monse ndi mamita 40.32. Izi zikutanthauza kuti pa bwalo lopapatiza la mamita 45, mbali iliyonse pamatsala mamita awiri ndi pang'ono basi. Zimaoneka zachilendo koma n'zolondola, musalichepetse.

Kuti ngodya iwongoke, khomani chikhomo pakona, yezani mamita 12 mbali imodzi ndi mamita 16 mbali inayo. Mtunda wa pakati pa nsonga ziwirizi uyenera kukhala mamita 20 ndendende. Mukatha ngodya zonse yezani chopingasa kuchokera kona kufika kona. Pa bwalo la mamita 100 ndi 64 mupeza pafupifupi mamita 118.7 mbali zonse ziwiri. Mitengo ya mbendera zapakona isachepere mita imodzi ndi theka ndipo isakhale yosongoka. Kamtengo kakafupi kamabaya mwana akagwerapo.

Malamulo omwe ambiri amawadziwa mwachikale

Apa ndi pofunika kuchedwapo, sabata ziwiri ngati n'kotheka, chifukwa ndi pomwe pamabadwira mikangano. Lamulo lililonse muliwerenge kwa mphindi zisanu, kenaka mulisewere pabwalo ndi ana khumi.

Poyamba mpira pakati, ukhoza kumenyedwa mbali iliyonse, ngakhale kumbuyo. Pa golokiki, kuyambira 2019, mpira suyenera kutuluka kaye m'bokosi: ukangomenyedwa n'kusuntha, wayamba, ndipo wotchinga kumbuyo akhoza kuulandirira m'bokosi momwemo. Adani okha ndiwo ayenera kukhala kunja kwa bokosi mpaka mpira utamenyedwa. Wosewera wotuluka posinthana atulukire pa mzere womwe ali nawo pafupi, asayende bwalo lonse kudya nthawi. Mpira wogwetsa sulimbiranidwanso ndi anthu awiri: woyimbira amaugwetsera wosewera mmodzi, ena onse atalikire mamita 4, ndipo ngati mpira unaimira m'bokosi amagwetsera goloboyi. Pa free kick, khoma likakhala la anthu atatu kapena kuposa, a timu yomenya atalikire mita imodzi. Pa penate goloboyi akhale ndi gawo la phazi limodzi pamzere, kapena kumbuyo kwake, mpira ukamamenyedwa.

Lamulo lina losinthidwa ndi la goloboyi wochedwa ndi mpira m'manja. Kuyambira 2025 amaloledwa masekondi 8. Woyimbira amakweza dzanja n'kumawerenga ndi zala masekondi 5 otsiriza, ndipo goloboyi akapitirira timu inayo imapatsidwa kona. Muwauze makochi a mbali zonse mpira usanayambe, apo ayi kona yoyamba yotere idzadzutsa phokoso.

Goloboyi akagwira mpira womwe mnzake wamupatsira mwadala ndi phazi, si penate. Ndi free kick yoti mpira ukhudze kaye munthu wina chigoli chisanavomerezedwe, ndipo woyimbira aimike dzanja m'mwamba mpaka wina ataukhudza kapena utatuluka. Oyimbira atsopano amatsitsa dzanja msanga, mpira n'kulowa molunjika, iwo osakumbukanso kuti anapereka chiyani. Ukalowa molunjika chotero, ndi golokiki.

Pa nkhani ya dzanja, sikuti mpira ukangokhudza mkono ndiye kuti walakwa. Mkono umayambira kunsi kwa khwapa. Phewa si dzanja. Imbani ngati wosewera wapititsa dzanja ku mpira mwadala, ngati watambasula mkono modzikulitsa thupi mosagwirizana ndi mmene amayendera, kapena ngati wagoletsa ndi dzanja, ngakhale mwangozi, kapenanso wagoletsa mpira utangomukhudza kumene padzanja.

Makadi aphunzitseni ndi mafunso atatu. Kodi wosewerayo sanasamale chabe? Ndi free kick basi. Kodi walowa mosalabadira kuti mnzake avulala? Kadi yachikasu. Kodi wagwiritsa ntchito mphamvu zopyola muyeso zoika mnzake pachiswe? Yofiira, ngakhale atakhudza mpira poyamba. Mawu oti "koma ndamenya mpira" sapulumutsa munthu amene walowa ndi zipolopolo za nsapato pamsongolo. Wina akagwetsa mdani woti amagoletsa m'bokosi koma wogwetsayo amalimbirana naye mpira, ndi penate ndi kadi yachikasu. Akamukoka jezi kapena kumukankha, ndi penate ndi yofiira.

Poima ndi pothamanga

Wambendera aliyense ali ndi theka la mzere wam'mbali, kudzanja lamanja la timu yomwe ikubwera kudzagoletsa mbali yake. Woyimbira amathamanga chopingasa, kupendekera kumanzere kwa timu yomwe ili ndi mpira, kuti mpira uzikhala pakati pa iye ndi wambendera. Akatero amaona onse awiri osatembenuka. Ayesetse kukhala mamita 10 mpaka 20 kuchokera pa mpira, chammbali, osati kumbuyo kwa osewera komwe misana imabisa kukokana. Woyimbira amene amangozungulira m'bwalo lapakati adzapereka penate ali mamita 40 kutali, ndipo ngakhale atalondola palibe adzamukhulupirire.

Ofusayidi imafuna masiku akeake. Wambendera azikhala mzere umodzi ndi wachiwiri kuchokera kumbuyo mwa otchinga, kuwerengera goloboyi yemwe, kapena ndi mpira ngati mpirawo ndiwo uli pafupi ndi golo. Aziyenda chammbali nkhope ili kubwalo, mbendera ili m'dzanja lomwe woyimbira akuliona. Akatsalira ngakhale mita imodzi maso amamunamiza. Chochita n'chotere: ikani otchinga awiri, akutsogolo awiri ndi mmodzi wopereka mpira kuchokera pakati. Wakutsogolo azithamanga pomwe otchinga akutuluka, wambendera agamule, inu mutaima kumbuyo kwake mukujambula ndi foni. Bwerezani maulendo 20 kwa munthu aliyense, kenaka onerani limodzi. Mudzaona kuti ambiri amakweza mbendera poyang'ana pomwe wosewera walandirira mpira, chonsecho chofunika ndi pomwe anali panthawi yomwe mnzake amaumenya. Wofanana mzere ndi wotchinga sanalakwe. Amene ali m'theka la timu yake sanalakwe. Palibe ofusayidi pa mpira woponya, pa kona ndi pa golokiki. Manja sawerengedwa. Ndipo kungoima pamalo olakwika si mlandu mpaka munthuyo atasewera mpira kapena kusokoneza mdani, choncho mbendera idikire pang'ono.

Wezulo nayo muiyeserere. Kamluzu kakafupi ndi ka faulo wamba, kulira kwamphamvu ndi kotalika ndi kwa penate kapena faulo yoopsa. Pa mpira woponya ndi golokiki zodziwikiratu, dzanja ndi lokwanira.

Tsiku la masewero

Oyimbira afike ola limodzi nthawi isanakwane. Ayende bwalo lonse kuchotsa miyala ndi magalasi, akwirire maenje, agwedeze magolo. Mpira wa saizi 5 ukhale wolemera magalamu 410 mpaka 450. Timu yosakwana anthu 7 siyamba, ndipo ikatsika pansi pa 7 mpira uli mkati, masewero amatha. Zotchinga msongolo ndi lamulo, mphete ndi mikanda zivulidwe. Kutalika kwa zigawo ndi chiwerengero cha osintha muone malamulo a mpikisanowo, ndipo ngati mwagwirizana zofupikitsa nthawi, mugwirizane mpira usanayambe. Kupuma kusapose mphindi 15.

Nkhani ya osewera obwereka ndi kubera zaka ithe mpira usanayambe. Timu iliyonse ibwere ndi mndandanda wosainidwa ndi kudindidwa ndi ahedi, osewera aime pamzere aitanidwe maina. Wodandaula alembe dandaulo lake nthawi yomweyo n'kulipereka kwa oyendetsa mpikisano. Dandaulo lobwera timu itagonja kale limavuta kuliweruza. Ochemerera muwaikire chingwe mamita awiri kapena atatu kuchokera pamzere, chifukwa wambendera sangathamange pakati pa miyendo ya anthu.

Mapenate otsiriza ali ndi misampha yake. Omenya ndi okhawo anali m'bwalo mpira ukutha. Ngati timu ina ili ndi anthu 10, inayo ichotse mmodzi kuti afanane. Onse akhale m'bwalo lapakati kupatula womenya ndi magoloboyi, ndipo palibe womenya kachiwiri anzake onse, goloboyi yemwe, asanamenye.

M'teremu yachiwiri muli mvula. Mukaona ching'aning'ani yambani kuwerenga. Bingu likamveka masekondi 30 asanakwane, imitsani mpira, ana onse alowe m'kalasi, osati pansi pa mtengo wa mango. Mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

Makochi

Makochi akhale nawo pa maphunziro onse a malamulo, chifukwa kochi wosadziwa lamulo ndiye amautsa ochemerera. Adziwe kuti nawonso amapatsidwa makadi, kuti wolangiza osewera ndi munthu mmodzi pa nthawi, komanso kuti wina pabenchi akatukwana osadziwika kuti ndani, kadi imagwera kochi wamkulu.

Aphunzitseni ndondomeko yotenthetsa thupi ya FIFA 11+, yomwe inakonzedwa kuti ichepetse kuvulala. Imatenga mphindi 20: mphindi 8 zothamanga pang'onopang'ono, 10 zolimbitsa thupi, kudumpha ndi kuima ndi mwendo umodzi, ndi 2 zothamanga mwamphamvu. Ichitike kawiri pa sabata, ndipo tsiku la masewero achite zigawo zothamanga zokha. Choyang'anitsitsa ndi bondo: mwana akamatera podumpha, bondo lisapindikire mkati. Sukulu yokhala ndi mipira iwiri ndi ana 30 isamaike ana pamzere wautali kudikira kumenya kamodzi. Gawani timabwalo ta mamita 30 ndi 20, azisewera asanu asanu mosinthana mphindi zinayi zinayi.

Mwana akagundana mutu n'kuyamba chizungulire, kusanza, mutu kapena kusokonezeka, atuluke ndipo asabwererenso tsiku limenelo, ngakhale iye mwini akulira kuti ali bwino. Kumuthira madzi kumutu n'kumubweza m'bwalo ndi chizolowezi choopsa. Apite ku chipatala. Wodandaula khosi asanyamulidwe ndi manja ndi miyendo monga timachitira kawirikawiri. Wobinya kakolo musamutikite kapena kumukoka: ikani ayisi wokulunga m'nsalu kwa mphindi 15 mpaka 20, mumange bandeji, mwendo ukhale m'mwamba. Ayisi akasowa, mafirizesi ouma ogulitsidwa pabwalopo amagwira ntchito yomweyo. Pa ulendo wa timu ya atsikana pazikhala mphunzitsi wamkazi, ndipo kochi asamakhale payekha ndi wophunzira mmodzi.

Sabata yomaliza aliyense ayimbire mphindi 20 za mpira weniweni, mnzake akulemba zinthu zitatu zokha: kutalika kwake ndi mpira pomwe amaimba, kumveka kwa wezulo, ndi kayambitsidwe ka mpira ukaima. Amene achita bwino, ahedi alembe kalata kudzera kwa oyendetsa masewero a sukulu a MASSA m'boma lanu, kapena ku FAM ku Mpira Village ku Chiwembe, yopempha kuti awaganizire pa maphunziro a oyimbira ongoyamba kumene ndi a makochi a laisensi ya D. M'kalatamo mulembe dzina, zaka, fomu ndi chiwerengero cha masewero omwe aliyense wayimbira, kuchokera m'kabuku kake.