Mmene mungaunikire chithunzi cha panyanja, osangoti "chabwino kwambiri"

Mnzanu wakutumizirani chithunzi, mafunde akuomba pamiyala dzuwa likulowa, ndiye akuti "tandiuzeni zoona, chili bwanji?" Ambirife timangoponya ka emoji ka moto basi nkhani yatha, munthuyo osatolapo kanthu. Ine ndimatsata njira iyi, ndipo imathandizanso pa zithunzi zanu zomwe bola muzisiye kaye zigone tsiku limodzi.

Poyamba musazume, musafunsenso kuti kamera yake ndi yanji. Chiyang'aneni chili chaching'ono ngati mmene chimaonekera pa foni kenako dzifunseni, diso langa lafikira pati ndipo lalowera kuti? Ngati lafikira pa thanthwe nkutsata thovu mpaka kukafika kudzuwa, zikuyenda. Likamangoyendayenda kusowa pokhala ndiye kuti vuto lalikulu mwalipeza kale, chithunzicho chilibe mwini nkhani, ndi madzi ndi thambo basi.

Kenako onani mzere umene madzi akumana ndi thambo. Nyanja sipendekeka. Olo digiri imodzi yokha imaoneka, madzi amakhala ngati akutayikira mbali imodzi. Yatsani grid (timizere toongoka todutsana pachithunzi) mu pulogalamu yokonzera zithunzi ngati Lightroom kapena Snapseed mutsimikize. Pena mzerewo umapindika ngati uta, makamaka ndi lenzi yotambalala ngati ya 16mm mzere ukakhala chakumtunda kwenikweni, zimenezo lens correction, chida cha mu pulogalamu chokonza kupindika kwa lenzi, imawongola. Onaninso pamene mzerewo wadutsa. Thambo likakhala lopanda kamtambo nkomwe koma latenga theka la chithunzi, malo aonongeka, akanalisiyira gawo limodzi mwa magawo atatu. Komatu musamangothamangira kudzudzula aliyense woika mzere pakati ngati waphwanya lamulo la boma. Hiroshi Sugimoto wa ku Japan wakhala akujambula nyanja kuyambira 1980, mzere uli pakati penipeni, madzi pansi thambo pamwamba, mwadala. Funso ndi loti mnzanuyo wachita dala kapena zangochitika.

Chachitatu yendetsani diso m'mbali zonse zinayi. Mwala wodulidwa pakona, kanthambi kongosuzumira, mapazi a wojambula yemweyo pamchenga, botolo lapulasitiki. Zimenezi zimaba diso. Onaninso ngati nsonga ya thanthwe yangogunda ndendende pamzere wa madzi ndi thambo uja, zimanyansa, lizikhala pansi pake kapena lidutse bwinobwino, ndipo mankhwala ake ndi kungonjuta kapena kuimirira pojambula.

Tsopano madziwo. Apa funsani shutter speed, kutalika kwa nthawi imene kamera imatsegula kuti kuwala kulowe, chifukwa ndi imene imapanga khalidwe la mafunde. Pa 1/500 ya sekondi kapena mofulumira kuposa apo madontho amaima m'malere. Pakati pa 1/4 ndi sekondi imodzi, makamaka funde likamabwerera, thovu limakoka mizere yoyera yopita kunyanja ndipo mizereyo ndi imene imatenga diso kulilowetsa mkati mwa chithunzi, ine ndimakonda pamenepa. Pa masekondi 30 zonse zimasanduka nkhungu. Palibe cholakwa mwa zitatuzi, koma ngati munthu akuti amafuna kuonetsa ukali wa namondwe nkuika fyuluta ya ND (kagalasi kakuda kochepetsa kuwala kolowa mu lenzi) ya ma stop 10, imene imasandutsa 1/60 kukhala masekondi pafupifupi 15, waupha yekha ukaliwo, muuzeni. Apa ndiye zumani 100% pamiyala. Madzi akhoza kukhala osalala koma mwala uzikhala wakuthwa. Ngati nawonso mwala wachita mbuu, mwina tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, inkatitimira mumchenga wonyowa funde likamadutsa, mwina lenzi inali ndi timadontho ta madzi a mchere, mwinanso anatseka bowo la lenzi mpaka f/22 pomwe chithunzi chimayamba kufewa. f/8 mpaka f/11 imakwana nthawi zambiri.

Editi ndi pamene pamagona nkhani. Yambani ndi thovu. Thovu labwino limakhala ndi timabowo ndi timizere, likangoti mbee ngati pepala ndiye kuti kuwala kunapsa, pa histogram, kagirafu koonetsa kuwala kwa chithunzi, mudzaona zaunjikana kumapeto a kumanja. Ngati anajambula RAW, fayilo yosunga zonse zimene kamera yagwira, mwina atha kubwezako pang'ono potsitsa highlights (mbali zowala kwambiri), ngati ndi JPEG, fayilo yofinyidwa, zambiri zapita.

Ndiye tsatani m'mphepete mwa thanthwe pamene lakumana ndi thambo. Mukaona kamzere kowala kozungulira ngati mwalawo ukunyezimira, ameneyo wakoka zida za editi ngati clarity, sharpening kapena HDR mopyola. Mukaona nsonga ya thanthwe yada bii pomwe pansi pake pali powala, waika graduated filter kuti adetse thambo koma yadetsanso mwala, afunika akonze mask, gawo limene fyulutayo ikugwira. Pathambo yang'anani timadontho tozungulira totuwa, limenelo ndi fumbi la pa sensa (kachipangizo ka mkati mwa kamera kolandira kuwala), limaonekera kwambiri akatseka ku f/16, kuchotsa kwake ndi kwa mphindi imodzi. Thambo likamaoneka mizeremizere ngati masitepe m'malo moti mtundu uzisintha pang'onopang'ono, fayilo yakokedwa kwambiri, JPEG imangokhala ndi milingo 256 pa mtundu uliwonse wa itatu yopanga chithunzi, wofiira, wobiriwira ndi wa buluu, ndiye sichedwa kung'ambika.

Chinthu chimene ambiri sachiona ndi ichi: chithunzithunzi cha thambo pamadzi kapena pamchenga wonyowa chimayenera kudera pang'ono kuposa thambo lenilenilo. Mchenga ukamawala kuposa mitambo ndiye kuti wadetsa kumwamba mopyola, munthu amangomva kuti china chake sichili bwino osadziwa kuti nchiyani. Chimodzimodzi mitundu. Thambo lofiira psuu koma madzi a buluu ngati masana, miyala yopanda kufiira olo pang'ono, zimenezo sizichitika, madzi amatengera mtundu wa kumwamba. Kawirikawiri apo thambo labwera kuchokera kwina kapena saturation, kulimba kwa mitundu, yakwera mbali imodzi. Kuphatikiza zithunzi si zachilendo ayi, Gustave Le Gray wa ku France ankachita kale cha m'ma 1850, negetivu ina ya thambo ina ya nyanja chifukwa zipangizo za nthawi imeneyo sizinkatha kugwira zonse bwino kamodzi. Ndiye ine sindikangana ndi munthu kuti waphatikiza, ndimangoona ngati kuwala kukuchokera mbali imodzi, dzuwa kumanzere mithunzi ya miyala nayonso nkumaloza kumanzere ndiye wagwidwa.

Pomuuza, musamukhuthulire zonse khumi. Sankhani ziwiri kapena zitatu, ndipo musiyanitse zimene angakonze lero pa kompyuta ndi zofunika abwererenso kunyanja. Tchulani malo enieni, osangoti editi yachuluka. Mwachitsanzo: "Mizere ya thovu kumanzereko yandikoka mpaka kudzuwa, isiyeni choncho. Nyanja yapendekera kumanja pang'ono, ndipo thanthwe lalikululo lili ndi kamzere kowala pamwamba, tatsitsani clarity muone. Mukadzapitanso mudzanjute pang'ono kuti nsonga yake idutse mzere wa madzi, ndipo miyendo ya tripod mudzaikanikize kaye mumchenga funde lisanafike."