Kachunidwe ka ma knee lever pa pedal steel

Anzanga oimba pedal steel (gitala yogoneka yomwe mawu a nsambo zake amasinthidwa ndi ma pedal opondedwa ndi phazi komanso ma lever okankha ndi bondo) kuno ku Harare, musathamangire kupotokola timanati ta nayiloni ta kumbali kwa gitala. Yambani mwachuna nsambo kumutu, bondo lili phee. Zikakhala bwino, kankhani lever mpaka igunde pothera, ndiyeno muzitembenuza kanati pang'onopang'ono mpaka nsambo ifike pa mawu oyenera, bondo likadali pomwepo.

Pa E9, kachunidwe kofala ka gitalayi, lever ina imatsitsa nsambo 4 ndi 8 kuchoka pa E kufika pa Eb, inzake imazikweza kufika pa F. Mukamanga kanati mopitirira, nsambo imakana kubwerera pa E, mpaka kuyamba kunamizira makutu anu. Masulani, pasiyeni kampata kakang'ono koti lever isewere isanayambe kukoka.

Lever ikakhala patali ndi bondo, isendezeni ndi sikuluwu yake m'malo mopotoza chiuno, chifukwa phazi limaterereka pa pedal. Kutalika kwa mpando nako muyang'ane.

Za kuzizira kwa June ndi July mukukudziwa. Mukafika ndi gitalayo ku Mbare kapena ku Highfield madzulo, isiyeni izolowere mpweya wa m'chipindamo musanachune. Mafuta a m'zitsulo zoyendazo? Kadontho ka a makina osokera nkokwanira.